Chaka Chimene Tinkadikira Ine ndi Atate Anu

"Bamake Tiya, bamuna banga bakwanitsa fifite-faifi chaka chino. Batenge penshoni manje, olo bayembekeze sikisite?"

Anandifunsa choncho amake Brenda, a khomo loyang'anana ndi lathu kuno ku Kalikiliki, tili pa mzere wa madzi. Amadziwa kuti ndinagwirapo ntchito m'boma, ndiye amayesa kuti za m'maofesi ndimazidziwa. Ndinawauza kuti apite onse awiri akafunse ku ofesi ya penshoni, koma amunawo ayambe adutsa kuchipatala akapimidwe thupi lonse. Anaseka, nati iwo afunsa za ndalama ine ndayankha za chipatala. Ndinasenza chigubu changa n'kubwera. Tsiku lomwelo ndinaganiza zokulemberani izi, Tiyamike ndi Dalitso. Iwe Tiya zina unaziona koma unali mwana, Dalitso sukumbukira chilichonse. Mukadzakula anthu a ku Chawama adzakuuzani za atate anu m'njira yawo. Ndi bwino muyambe mwamva kwa ine. Sukulu ndinalekera giredi seveni, ndiye ndilemba mmene ndimayankhulira.

2007

Ntchito yanga yoyamba yolembedwa, imenenso inali yomaliza, inali yochapa pa chipatala china cha boma muno mu Lusaka. Ndinali nditangochoka ku Katete, ndikukhala kwa azakhali anga ku Chawama. Kochapirako kunali kuseri kwenikweni, kupitirira khitchini, kumene odwala safika. Makina akuluakulu analipo, koma ambiri anali akufa kalekale, tinkangoikapo zikwama zathu. Sopo akatha tinkachapa ndi madzi otentha okha. Magolovesi tinkawatsuka n'kuwayanika ngati masokosi. Amene ankatiyang'anira anali a matroni, mayi wa ku Kopabeti, wamfupi, wosaseka, koma wachilungamo. Akapeza banga pa nsalu sankakalipa, ankangoigwetsa pansi n'kudutsa.

Nsalu za m'mawodi zinkalowera khomo lakutsogolo. Za kumochale, kosungira mitembo, zinkalowera kakhomo kakumbuyo, ndipo palibe amene ankafuna kuzilandira. Wobwera kumene ndiye ankatumidwa, choncho zinagwera ine. Ankazibweretsa bambo wina wamtali, wowerama pang'ono, a Daka, a ku Chadiza. Anzawo a kumochale ankanunkha mowa kuyambira m'mawa, iwo ayi. Nsalu zawo, ngakhale zakuda, zinkabwera zopindidwa bwino ngati zachokera m'shopu.

Tsiku lina anachedwa, a matroni anati ndikatenge ndekha. Nditafika pakhomo ndinamva munthu akuyankhula mkatimo mwaulemu, ngati ali ndi apongozi ake. "Odi, amama. Ndikutembenuzani pang'ono. Pepani, madzi ake ndi ozizira." Ndinadikira kuti wina ayankhe. Kenako ndinasuzumira. Anali okha, ndi mayi wakufa pa tebulo. Atamusambitsa anamumanga chibwano ndi kansalu ka bandeji kuti pakamwa patseke, n'kumanga zala zazikulu za kumapazi pamodzi, n'kupinda manja pachifuwa, n'kumufunditsa mpaka kumutu. Atandiona sanachite manyazi. Anandiuza kuti munthu ukamugwira osapempha amauma, manja amakana kupindika. Onse obwera kumeneko ankawatcha alendo: amagona masiku ochepa, abale n'kudzawatenga. Amene ankawamvetsa chisoni ndi aja osatengedwa, okhala miyezi mufiriji popanda wobwera kudzafunsa. Amenewo ankawapatsa moni m'mawa uliwonse.

2012

Ine ndi a Daka tinakwatirana iwo ali ndi zaka makumi asanu, ine ndisanafike makumi atatu. Mkazi wawo woyamba anamwalira osasiya mwana. Azakhali anga anakana poyamba, ati mwamuna wogwira maliro amabwera nazo kunyumba. Anavomera atawaona akuwerenga m'tchalitchi. Tinapeza zipinda ziwiri ku Chawama komweko, pa yadi ya anthu ambiri. Khomo loyandikana nalo munkakhala bana Mwila, ndiye kuti amake Mwila, mayi wa ku Kasama wogulitsa malasha, ndi amuna awo bashi Mwila, owotcherera mageti, amene ndalama ikalowa ankaimwera tsiku lomwelo.

Pa yadipo sanatizolowere msanga. Atate anu akapereka siwiti kwa mwana, amake ankamuitanira m'nyumba. Mchere ankapempha makomo ena, lathu ankalidumpha. Koma munthu akamwalira pakhomo, ankabwera kwathu, zipewa zili m'manja, kuti ba Daka akathandize kukonza thupi. Iwo sankakana ndipo sankalandira kanthu. Bashi Mwila yekha ndiye ankawaseka pamaso: "Ba Daka, nikafa munimange bwino, nisakaoneke monga namwa." Atate anu ankayankha kuti nkhope ya munthu amaikonza, koma fungo limawakanika. Iwe Tiya unabadwa chaka chotsatira.

2017

Chaka chimenecho atate anu anakwanitsa fifite-faifi, pamodzi ndi mnzawo wa kumochale, a Sakala. Lamulo linkalola kuti munthu apume pa zaka zimenezo kapena apitirire mpaka sikisite. A Sakala sanaganize kawiri. Anati iwo aona anthu ambiri atagona pa tebulo lija ali ndi mapulani a chaka cha mawa. Anatenga zawo n'kupita kwawo ku Petauke kukalima, ndipo anawakakamiza atate anu kuti apitire limodzi.

Ife tinapita ku ofesi ya penshoni tonse awiri. Mtsikana wa pa desiki anatifotokozera bwino, sindingamunamizire. Anati wopuma msanga amalandira yochepa mwezi ndi mwezi moyo wake wonse, ndipo akamwalira, gawo la mkazi ndi ana limadulidwa pa yochepayo. Wodikira sikisite amalandira yathunthu. Za ine anati kuti ndidzalandire ya mwezi ndi mwezi ndikadzakalamba, ndiyenera kukwanitsa zaka khumi ndi zisanu ndikudulidwa pa malipiro. Tinawerenga ndi zala muminibasi pobwerera. Sikisite ya atate anu ndi zaka khumi ndi zisanu zanga zinkakumana chaka chimodzi, 2022.

Ndinawafunsa ngati sanatope. Anali atagwira maliro kuyambira ine ndisanayambe sukulu.

"Kutopa ndatopa," anatero. "Koma woyamba kupita ndine, amake Tiya, zimenezo n'zosafunsa. Iwe udzatsala ndi ana aang'ono. Chimene ndidzakusiyire chisakhale chodula."

Ndinaona kuti akunena zoona, ndipo mpaka lero sindinena kuti analakwitsa. Tinagwirizana: iwo adikire, ine ndikwanitse. Kuyambira pamenepo chilichonse chinali cha chaka chathu. Puloti tidzagula chaka chathu. Mano awo adzachotsa chaka chathu. Kwawo ku Chadiza tidzapita chaka chathu. Dalitso unabadwa tili mkati modikira.

2019

Chinali chaka chimene magetsi ankazima kwambiri. Kuchipatala jenereta inkayamba yatumikira mawodi, mafiriji a kumochale pambuyo. Atate anu ankabwera kunyumba ali chete, akusamba kawiri. Nthawi yomweyo anayamba kuiwala. Makiyi ndinawapeza mumphika wa ndiwo. Tsiku lina anakwera basi ya ku Matero, kumene ankakhala ndi mkazi wawo woyamba, n'kukaima pa khomo la eni ake akudabwa kuti loko wasintha. Kuntchito ankafunsa chinthu chimodzi katatu. Palibe amene anaona chachilendo. Pachipatala paja aliyense amadziwa kuti anthu a kumochale mitu yawo imakhala ina: ena amamwa, ena amaseka okha, ena amayankhula ndi mitembo. Madokotala ankadutsana nawo tsiku ndi tsiku pa kolido, n'kumati ndi mmene alili a Daka. Inenso ndinkatero.

Loweruka lina masana ndinasiya Dalitso akugona pa mphasa, atate anu atakhala pambali, ine n'kupita kukagula tomato. Pobwera ndinapeza mwana wafunditsidwa chitenje mpaka kumutu, kutentha konse kuja. Nditavundukula ndinapeza timanja tapindidwa pachifuwa, tizala tatikulu ta kumapazi tamangidwa pamodzi ndi ulusi wa pa thumba la ufa. Mfundo yake inali yaukhondo, ya kuntchito. Mwana anali akupuma bwinobwino. Atate anu anali panja akupolisha nsapato. Nditawafunsa anandiyang'ana, kenako anayang'ana ulusi uli m'manja mwanga. Anati sakukumbukira. Anapempha kuti ndisauze munthu, ndipo anati zatsala zaka zitatu zokha. Kuyambira tsiku limenelo sindinakusiyeninso muli mtulo ndi iwo okha.

2021

Nthawi yozizira ya chaka chimenecho matenda a korona anadzaza mochale. Alendo ankabwera ambiri kuposa malo, atakulungidwa m'mapulasitiki, ndipo lamulo linali lakuti asasambitsidwe, asatsegulidwe. Atate anu zimenezo zinawasokoneza kwambiri. Ankawapeza akumasula pulasitiki kuti amange chibwano. Kenako anasinthanitsa mayina pa mitembo ya amuna awiri. Mwayi wake, mkazi wa mmodzi anaumirira kuona nkhope galimoto isananyamuke. Akuluakulu sanawachotse ntchito. Anawauza kuti akhale kunyumba, adikire bodi ya madokotala imene imaona ngati munthu angapitirize kugwira. Dokotala amene anawapima anandiitanira pambali nati ndi matenda oiwala, a muubongo, anayamba kale, ndipo sabwerera m'mbuyo.

Ndiye anakhala pa yadi, ine ndikupita kuntchito. Tiya unkapita kusukulu, Dalitso ndinkamusiya kwa azakhali. M'mawa uliwonse atate anu ankavala ovolosi yawo yoyera n'kukhala pa mpando pakhomo, akudikira alendo.

Tsiku lina ndikuweruka, ndinaona anthu atadzaza pa geti. Bana Mwila anandithamangira, nkhope ili gwa.

"Bamake Tiya, bwelani muone vamene bachita bamuna banu."

Bashi Mwila anali ataledzera masana n'kugona pansi pa mtengo wa mango wa pa yadi. Atate anu anatenga beseni ndi kansalu, anamupukuta nkhope ndi mapazi, anang'amba chitenje changa n'kumumanga chibwano ndi zala, anamupinda manja, n'kumufunditsa shiti yathu yoyera. Ana amene anaona anati ankayankhula naye mwaulemu, akupepesa za madzi. Bana Mwila pochoka kumsika anapeza shiti yoyera pansi pa mtengo, nsapato za amuna awo zitaikidwa pambali mwadongosolo, n'kuyamba kulira maliro. Anthu atasonkhana, mtembo unayetsemula n'kudzuka.

Lero mukhoza kuseka. Tsikulo palibe anaseka. Ndinapeza atate anu atakanikizidwa ku khoma, ovolosi itang'ambika, magazi akutuluka pa khutu. Anyamata ena anali ndi miyala, wina anali atabweretsa tayala. Mawu amene ankamveka ndi akuti mfiti, wayamba kumanga amoyo kuti afe, wazolowera nyama ya anthu. Mayi wina anayamba kutchula onse amene anamwalira mu mzere wathu, amene atate anu anawasambitsa mwaulere, ati anawapha okha. Ndinagwada pakati pawo ndi pepala la dokotala, koma palibe ankafuna kuwerenga. Amene anatipulumutsa ndi bashi Mwila yemweyo, kansalu kakadali lende pakhosi. Anaima kutsogolo kwa atate anu akudzandira.

"Basiyeni. Nine bamanga, simwe. Nenze nabapempha kudala."

Ankanena za nthabwala yake ija yoti akafa amumange bwino. Ena anaseka pang'ono, miyala inatsika. Koma alandilodi anandiuza madzulo omwewo kuti mdalayo akaonekanso panja ine kulibe, iwo sadzatha kuletsa anthu.

Ndinapita kwa a matroni kukapempha tchuthi chachitali. Anandipatsa mwezi umodzi, ndiwo umene akanatha. Ndinafunafuna wowasunga. Achibale awo ku Chadiza anati kumudzi nkhani ya kumanga anthu amoyo ikamveka zidzaipa kuposa m'tauni. Azakhali anati mwana asunga, koma bamboyo ayi. Mtsikana wantchito amene ndinamupeza anathawa tsiku lachiwiri, atawodzera pa mpando n'kudzidzimuka atate anu ataima pambali pake ndi kansalu m'manja. Mwezi unatha. Kuti ndikwanitse zaka zanga panatsala chaka chimodzi.

Choncho ndinagula loko. M'mawa ndinkawasambitsa, kuwadyetsa, kuwasiyira chakudya, madzi ndi ndowa, kuchotsa mbaula ndi mipeni, n'kutseka kunja. Sankagogoda, sankakuwa. Bana Mwila anati tsiku lonse m'nyumbamo mumangomveka mawu apansipansi, ngati munthu akulandira alendo, ndipo iwo anasiya kuyanika zovala kumbali ya zenera lathu. Ndinkadziuza kuti ndi chaka chimodzi chokha, anthu amapirira zoposa pamenepo. Kochapira ndinkapinda nsalu maso ali pa wotchi.

Zinayenda choncho milungu ingapo. Tsiku lina ndinaweruka msanga chifukwa madzi anatha kuchipatala. Dzuwa linali likadali pamwamba. Pa yadi panali zii. Nditatsegula loko, chakudya chinali chosakhudzidwa. Tebulo lathu linali litakokeredwa pakati pa chipinda, ndipo pamwamba pake panali shiti yoyera, yoyalidwa bwino kuyambira kumapazi mpaka kumutu. Nsapato zawo zinali pansi, zitagundana. Sindikudziwa kuti ndinaima nthawi yaitali bwanji. Kenako ndinaona shitiyo ikukwera ndi kutsika pang'ono pachifuwa.

Ndinavundukula. Anali atasamba, atadzimanga zala za kumapazi, atadzimanga chibwano, mfundo ili pamwamba pa mutu, manja ali pachifuwa. Maso anali otsegula, akuyang'ana malata. Ndinamasula kansalu ka chibwano. Ananditembenukira mwaulemu, mmene ankachitira ndi anthu obwera kumochale.

"Mwabwera kudzatenga uyu, mayi? Mwachita bwino. Wakhalitsa. Timayesa alibe abale."

Ndinati inde, ndabwera kudzamutenga, ndine mkazi wake. Anati ndisaine kaye. Ndinalemba ndi chala pa dzanja lawo, ndipo anadzuka.

M'mawa mwake ndinapita nawo kuchipatala, nditawagwira dzanja, n'kuwakhazika pa benchi ya kochapira. Ndinawauza a matroni kuti ndikusiya ntchito. Anatseka chitseko. Aka kanali koyamba kuwaona atakhala pansi nthawi ya ntchito. Anandikumbutsa kuti malo a m'boma ukawasiya subwereranso, kuti zaka khumi ndi zinayi si khumi ndi zisanu, kuti ndili ndi ana awiri ndipo bamboyo ngakhale nditani sachira. Anati ndipirire, iwo azindilola kuweruka msanga. Zonse zinali zoona. Ndinawauza za tebulo. Anasuzumira pa zenera kuona atate anu, amene anali atatola mapilokesi pa basiketi akuwapinda mmodzimmodzi.

"Nchito ya aba bantu," anatero a matroni. Ankanena za ntchito ya anthu a kumochale. Anatulutsa pepala n'kundithandiza kulemba, chifukwa Chingelezi changa n'chochepa.

2022 mpaka 2023

Tinasamukira kuno ku Kalikiliki, kumene palibe ankatidziwa, m'chipinda chimodzi. Ndinayamba kuchapira anthu a ku Kabulonga, zovala ndikubwera nazo kunyumba kuti ndisawasiye okha. Ndinapeza kuti ndikawapatsa nsalu zoti apinde amakhala phee tsiku lonse, ndipo mabwana ankayamikira mapindidwe ake osadziwa kuti anaphunzirira pa chiyani. Usiku ndinkagona pakati, iwo ku khoma, inu mbali inayo.

Bodi ya madokotala inakhala mochedwa, n'kuwapumitsa ngati wodwala. Mapepala anayendanso miyezi yawo. Tsiku lokatsimikiza ku ofesi ya penshoni anawafunsa dzina, iwo n'kutchula la munthu wina amene sindinamumvepo, mwina mmodzi wa alendo awo akale. Anawadinditsa chala. Ndalama yoyamba italowa ndinawagulira jekete ndi nyama, ndikuwauza kuti chaka chathu chija chafika. Anathokoza kwambiri, n'kundifunsa ngati ndine wa m'wodi ya amayi.

Anamwalira mvula ya 2023 ikuyamba, pa bedi, masana, ndili pambali. Palibe amene anawaponya mwala. Ndinawasambitsa ndekha, ndinapempha kaye ndisanawatembenuze, ndipo manja sanakane.

Za ine, ku ofesi anati zaka zanga sizinafe, ndikapeza ntchito ina yolembedwa ndikhoza kumaliza chaka chotsalacho. Ndafunsa m'masukulu, m'malojingi ogonamo apaulendo ndi m'makampani oyeretsa. Kulikonse akufuna satifiketi ya giredi thwelofu, ngakhale yogwira mopu. Ndikufunsabe.

Tsono zimene zinapita ndi izi. Zaka zisanu za penshoni imene atate anu akanadya akudziwa kuti ndi yawo, sanatenge. Yathunthu ya sikisite imene ankadikira sanaifike, ndipo gawo limene timalandira ine ndi inu ladulidwa pa ya wodwala. Imene anapatsidwa anailandira miyezi isanu ndi iwiri, osadziwa kuti ndi chiyani. Ine ndinataya malo anga m'boma ndili ndi zaka khumi ndi zinayi za ntchito, kutatsala chimodzi. Puloti sitinagule. Mano aja anapita nawo. Ku Chadiza anapita ali m'bokosi. Ndipo iwe Dalitso, pamene unayamba kunena kuti atate, iwo anali atasiya kale kudziwa kuti ukuitana ndani.